Mpunga wa mu ketulo ni mlandu wa a landilodi

Mu ma boarding house a ku Kalingalinga na ku Ng'ombe, na mu tumalumu twa lendi twa ku Garden, Chawama olo Mtendere, muli lamulo limene matenanti ambili alidziwa pamutu: sitovu iyayi, hita iyayi, aini uyambe wapempha. Chimene chiloledwa ni ketulo chabe, ati kaili ni ya tiyi. Mita ni imodzi pa yadi yonse, mayuniti asonkha onse pamodzi, ndiye a landilodi aganiza kuti akapitikitsa sitovu, mayuniti adzafika kumapeto kwa mwezi.

Koma munthu sangagone na tiyi masiku onse. Mwana wa sukulu wa pa UNZA, mlonda wochoka ku nchito, mtsikana wogulitsa mu shopu ku Kamwala amene watsika basi ma 20 hours, onsewa ali na njala yeniyeni. Nsima mu ketulo siitheka, mthiko ulibe pozungulila. Ndiye munthu atenga kakapu ka mpunga wa ku Nakonde olo wa ku Chama umene anagula ku Soweto, athila mu ketulo, akhoma chitseko, ayatsa. Nkhani iyi ikabuka mu basi anthu amafa nazo nseko, mpaka ba kondakita aiwala chenji. Ine siniona choseketsa. Ndiye kaphikidwe kamene lamulo la pa yadi lamusiyila munthu.

Malaiti nayo anawonjezela moto. Mu 2024 chilala chitauma, madzi ku Kariba anatsika kwambili, ndipo pofika September nyumba zambili zinali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Amene anapita mu nyengo ija anaphunzila kuti malaiti akabwela suyamba kufunsa, uthamangila chinthu chimene chiwilitsa madzi msanga kupambana zonse. Chizolowezi chija chinakhalilila.

Manje vuto ni iyi. Ketulo anaipanga kuti madzi akangowila izime yokha. Nthunzi imapita pa kanjila ka mkati kufika pa kachitsulo kakang'ono pafupi na swichi, kachitsulo kaja kakapsa kamapindika n'kukankha swichi, basi thi! yazima. Koma mpunga sufuna kungowila kamodzi. Ufuna kabatabata wa moto wochepa kwa mphindi 15 olo 20, ndipo ketulo ilibe moto wochepa. Ili na ziwili chabe, kuyaka na mphamvu zonse olo kuzima. Ndiye ophika apeza nzelu zawo. Wina asiya chivindikilo chotsegula kuti nthunzi isafike pa kachitsulo kaja. Wina akhala ataponda swichi na chala. Wina, amene ine nimuopa maningi, amanga swichi na tepu olo kamphila n'kupita kukasamba.

Madzi a mpunga sali monga madzi a pa pompi. Amachita thovu, thovu likwela, lisefukila, litsikila pansi pa ketulo pamene pali polumikizila malaiti. Madzi akatha mkati, mpunga umamatilila pa elementi n'kuyamba kupselela, makamaka mu maketulo aja okhala na chitsulo chopotana chooneka. Maketulo ambili ali na kochingiliza kena kozimitsa ngati madzi auma, koma kamagwila nchito chitsulo chitapsa kale, ndipo pa ketulo ya pulasitiki yotchipa sinikulangizani kuikapo moyo wanu. Zonsezi zichitika mu kalumu kamodzi, pafupi na matilesi, katani na zovala zopachika pa msomali, pa ekisitenshoni imodzimodzi imene ili kuchaja mafoni atatu, chitseko chili chokhoma kuti a landilodi asamve fungo.

A landilodi, ba mayi, ba tate, tiyeni tiwelenge pamodzi. Tembenuzani ketulo muone cholemba pansi pake. Zambili zilembedwa mawati pafupifupi 2,000. Yuniti imodzi ni mawati 1,000 kuyaka ola limodzi, ndiye ketulo ya 2,000 ikayaka hafu ya ola yadya yuniti yathunthu. Kasitovu ka mbale imodzi kamene munaletsa nthawi zambili ni ka 1,000 olo 1,500, ndipo poto ikawila munthu achepetsa moto, kamayaka kozimazima. Kuwilitsa lita imodzi ya madzi a tiyi mu ketulo kutenga mphindi zitatu olo zinayi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti, n'chifukwa chake ketulo ili na mbili yabwino. Koma mukaikakamiza kuphika, mbili ija yatha. Mwaletsa chinthu chodya pang'ono, mwasiya chodya kwambili, manje mwapulumutsa chani?

Nidziwa chimene mudzayankha, ndipo sichabodza. Mawaya a mu nyumba zambili za mu komboni ni akale, anawakoka kuchoka ku nyumba yaikulu na ka waya kowonda, ndipo matenanti asanu akayatsa masitovu nthawi imodzi mita igwa. Pali na tenanti uja wophika nyemba maola anayi pa mayuniti a anzake, n'kumakana kuwonjezela olo K10. Koma waya wowonda susankha kuti ichi ni sitovu, ichi ni ketulo. Umapsa na kuchuluka kwa mphamvu imene ikudutsa, ndipo ketulo ikoka kwambili. Ngati mantha ni a moto, lamulo lanu langosamutsa moto kuuchotsa pamene muuona n'kuupeleka kuseli kwa chitseko.

Ena a landilodi amati, si mbaula ilipo, agule malasha. Munthu wofika ma 21 hours, mvula ili kugwa, pa yadi palibe khonde, mbaula ayatsila kuti? Ailowetsa mu lumu. Ndipo ife a mu Lusaka tidziwa zimene mbaula imachita mu nyumba yotseka, makamaka mu June na July: mpweya wa malasha suoneka, sununkha, munthu angomva tulo. Pakati pa ziwilizi, mbaula ya mu lumu ndiye yoopsa kupambana.

Kwa inu matenanti amene simungadikile kuti a landilodi asinthe mtima, lekani ketulo igwile nchito yake ya madzi, kuphika kuchitike kwina. Pezani fulasiki ya kukamwa kwakukulu, ija yonyamulilamo chakudya. Tsukani mpunga woyela, muuviike hafu ya ola. Tenthetsani fulasiki na madzi owila n'kuwataya, ikani mpunga, thilani madzi ongowila kumene makapu awili pa kapu imodzi ya mpunga, kamchele, tsekani zolimba. Osadzaza mpaka pakamwa, mpunga umatupa. Pakapita ola limodzi olo kupitililako pang'ono wapsa, ndipo ketulo yayaka mphindi zochepa chabe. Ni nzelu imodzimodzi ya ambuya athu amene anali kuphula poto yowila n'kuikulunga mu bulangeti kuti itsilize yokha. Chimodzi chabe, mudye nthawi yomweyo. Mpunga wophika ukakhala wofundila usiku wonse umabeleka tuzilombo totsegula m'mimba, ndipo mukudziwa kuti pa mseu wa Great East m'mawa basi siima chifukwa cha mimba ya munthu mmodzi.

Koma fulasiki ni yongopumulilapo. Chimene matenanti afunika kupempha pa tsiku lolipila lendi ni malo ophikila: kakhonde kofolela, soketi imodzi olo ziwili zokokedwa na waya woyenela, wogwila nchito akhale wa malaiti weniweni osati mwana wa mlongo wawo wa a landilodi. Ngati mkangano ni wa mayuniti, tumamita twa lumu na lumu tulipo mu mashopu a zamalaiti mu tauni, aliyense alipile zimene wadya, wa nyemba uja adzionele yekha. Lendi ikakwela mu January, funsani ngati soketi ija ili mkati mwa mtengo watsopano.