Ngongole ya “tidzalipira fodya akagulidwa” ikudya mipamba

Lero tikambe nkhani imene ena muikwiyire, koma mukwiye muli ndi mpamba m’manja. Pali malangizo amene akuperekedwa kwa atsopano akuti ukafika ku mapulazi a ku Mashonaland, kaya ku Mvurwi, Centenary, Bindura, Banket kapena Karoi, usavutike ndi kashi, ungosiya katundu m’komboni, udzatolera fodya akagulidwa. Ife amene tadutsa pa Mwanza, Zobue, Tete mpaka Nyamapanda kwa zaka zambiri tikuti malangizo amenewa ndi oipa. Amene akuwapereka sakuuzani kuti anthu angati anasiya geni chifukwa cha iwo.

Tiyambe ndi fodyayo. Alimi ambiri amawokera mvula ikayamba, mu Novembala kapena Disembala, ndipo misika imatsegulidwa cha mu Malichi. Mukasiya zitenje, mpunga wa Kilombero kapena usipa mu Novembala, ndiye kuti ndalama yanu yagona miyezi isanu. Kumbukiraninso kuti fodya wambiri wa ku Zimbabwe masiku ano ngwa kontilakiti. Kampani inapereka feteleza, mankhwala ndi zina zolimira, ndiye mabelo akagulidwa imayamba yadula zake mlimi asanaone ngakhale senti. Zotsalazo pali aganyu, fizi ya ana, ngongole ya pagolosale, mwina ndi maliro. Inu mlendo wochokera ku Blantyre muli kumapeto kwa mzere. Mvula ikavuta ngati mu 2024, pamene Zimbabwe ndi Malawi yemwe analengeza za ngozi ya chilala, mzerewo sufika n’komwe pamene mwaima.

Chachiwiri ndi ndalama ya dzikolo. Za 2008 tonse tikuzidziwa, koma si zakale zokha. Mu Febuluwale 2019 boma linakhazikitsa dola ya RTGS n’kulamula kuti ngongole zam’dzikomo zimene zinali m’madola a America ziwerengedwe imodzi kwa imodzi ndi ndalama yatsopanoyo. Okongoza analira. Mu Epulo 2024 kunabwera ZiG, dola imodzi ili pafupifupi 13.6. Pofika kumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa kufika pafupifupi 24. Amene anakongoza katundu wa madola 100 n’kugwirizana mtengo wa ZiG analandira za madola pafupifupi 56. Kwathu nakonso kwacha inagwa ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023. Ndiye mukuyenda pakati pa ndalama ziwiri zoterera, n’kumawonjezerapo dala miyezi isanu yodikira?

Tikudziwa yankho lanu. Muti anthu a m’makomboni aja ndi abale athu, amayankhula Chinyanja, Loweruka amavina gule wamkulu, agogo awo anachokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi. Muti chibale n’fupa, sichiola. Zoona, ndipo amatilandira bwino, amatigoneka, amationetsa njira. Ambiri si akuba. Vuto n’lakuti moyo wawo sunakhazikike. Kuyambira 2000, pamene minda ya azungu inalandidwa n’kugawidwa, antchito ambiri a m’mapulazi anataya ntchito yokhazikika, ndipo mwa iwo ochepa okha ndiwo anapatsidwa malo. Lero munthu ali pa ganyu ya fodya pano, mwezi wamawa wapita kokumba golide ku Mazowe kapena ku Shamva. Mukabwerera nyumba ija muli wina. Mukamusaka kuti, masiku a papasipoti akutha, malo ogona mukulipira? Ndipo mlendo wopanda pepala lililonse la mgwirizano akadandaula kwa yani? Pamapeto pake ngongole ndiyo imapha ubale womwewo: mbale akakuonani mukutsika basi amazemba kuseri kwa shedi ya fodya.

Ena muti popanda ngongole katundu sayenda. Tiwerengere limodzi, mwachitsanzo chabe. Mwaoda katundu wa madola 600. Basi, chakudya, malo ogona ndi za paboda zadya 150. Mukagulitsa yense mupeza 1,000, phindu 250. Tsopano mwakongoza theka, ndiye kuti 500 ili m’manja mwa anthu. Mwa anthu asanu mmodzi wasowa, 100 yapita. Ulendo wokatolera wadyanso 100. Phindu latsala 50, patatha miyezi isanu, ndipo nthawi yonseyo mumaoda ndi mpamba woperewera. Mnzanu amene anatsitsa mtengo pang’ono n’kugulitsa 900 pa kashi wapeza 150 sabata yomweyo, ndipo wazungulira kangapo inu mukudikira. Katundu kuchoka m’chikwama sikugulitsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndiye tichite chiyani? Yendani ndi nyengo. Ku mapulazi ndalama imaoneka misika ya fodya ikatsegulidwa mpaka cha mu Julayi, komanso kumapeto kwa mwezi pamene antchito alandira. Katundu wambiri mupite naye nthawi imeneyo. Miyezi ya mvula chepetsani, kapena gulitsani pa kashi ku Mbare ndi m’matauni monga Chinhoyi ndi Marondera. Ngati mwaumirira kukongoza, munthu apereke pompo ndalama yokwanira kubweza mtengo woodera, kuti chimene chili pangozi chikhale phindu osati mpamba. Mtengo ukhale wa madola, tsiku lolipira lilembedwe, pakhale mboni yokhazikika pamalopo. Dziikireni malire, mwachitsanzo ngongole zonse zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a katundu. Amene sanamalize yakale asatenge yatsopano, ngakhale akutchuleni kuti achimwene kapena amalume. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Gulani kope. Lembani chilichonse: mtengo woodera, reti ya tsiku limenelo, basi, msonkho, ngakhale nsima ya ku Tete. Amene amati zolembalemba n’za ana asukulu ndi omwewo amene amati geni ikuyenda pomwe chikwama chikuchepa ulendo ndi ulendo. Paboda funsani za STR ya COMESA, njira yachidule ya amalonda ang’onoang’ono a katundu amene ali pa mndandanda wogwirizana. Siichotsa misonkho yonse, ndipo zakudya zimafunabe ziphaso zake, koma risiti ya ZIMRA kapena MRA ili ndi mtengo wodziwika. Mtengo wa njira yachidule ya kutchire umadziwika tsiku limene katundu yense walandidwa.

Madalaivala, nanunso imvani. Mukanyamula mitolo yopanda mapepala ya munthu amene akuti adzakulipirani akatolera ngongole, mwalowa mu ngongole yomweyo, koma inu chikole chanu ndi ntchito. Thiraki ikagwidwa, abwana safunsa za ubale. Laisensi ndi dzina labwino ndiwo mpamba wanu.

Chomaliza tiphunzire kwa agogo omwe aja timawapeza m’makomboni. Anachoka ku Nyasaland ali anyamata, anagwira ntchito zaka makumi atatu kapena anayi, ena mpaka kukhala akapitawo. Ulesi analibe. Koma nyumba inali ya pulazi, munda wa pulazi, ndipo zinthu zitatembenuka ambiri anapezeka alibe malo kuno, alibe malo uko, ena opanda ndi chitupa chomwe. Kwathu tinkawatchula matchona. Geni ya maulendo ingathenso kumusiya munthu chimodzimodzi: zaka makumi awiri pa basi, miyendo yotupa, pasipoti yodzaza zidindo, chuma chonse chili m’kope la ngongole za anthu osaoneka. Msana sudzalola kugona paboda mpaka kalekale. Ulendo uliwonse uzisiyako kanthu kwanu: njerwa, malata, kashopu, fizi ya mwana, kapena ndalama kubanki m’khonde. Zimenezi zimagulidwa ndi kashi yekha.

Amene mukutsutsa, bwerani ndi kope lanu, mutiuze mwatolera zingati pa ngongole za chaka chatha ndi zingati zatsala. Kwa atsopano, mpamba umene mwatenga kubanki m’khonde kapena pogulitsa mbuzi za amayi anu musaupereke kwa munthu chifukwa choti wakupatsani moni wa Chichewa. Muyankheni mwaulemu, mudye naye nsima, katundu alipire. Yendani bwino pamsewu.