Intaneti ikamayenda ngati bilimankhwe

Alangizi ambiri a zaulimi ndi a zaumoyo masiku ano amatumiza malipoti awo pa intaneti, ndipo mlimi wofuna kudziwa mtengo wa soya ku Lilongwe kapena ku Chipata amayamba wayang'ana pa foni. Lipoti likachedwa, thandizo la kumudzi limachedwanso, pamene bandulo yogulidwa ndi ndalama ya ndiwo ikungotha.

Musanathamangire kusintha kampani, yambani ndi m'nyumba mwanu momwemo. Denga la malata ndi zipupa za njerwa zimafooketsa mafunde a netiweki. Ambiri amabisa MiFi kapena rauta m'kabati poopa ana, osadziwa kuti aitsekera m'ndende. Ikwezeni pamalo oonekera, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki. Kuisuntha mapazi ochepa okha kukhoza kukuchotsani pa 3G n'kukufikitsani pa 4G. Ngati yatentha, kapena yakhala masiku ambiri ili choyaka, izimitseni kwa mphindi imodzi kenako muiyatsenso.

Njira yosavuta yopezera gwero la vuto nayi: tulukani nayo panja, muyese kutumiza chithunzi. Chikapita msanga, mlandu ndi wa nyumba yanu.

Pali akuba enanso osaoneka. Foni iliyonse yolumikizidwa imadya nawo, kuphatikizapo ya mnansi amene munamupatsa nambala yachinsinsi pa tsiku la chinkhoswe chaka chatha. Isintheni nambalayo. WhatsApp nayo imakoka yokha makanema a m'magulu ngati simunailetse, ndipo foni kapena kompyuta imadzikonza mwakachetechete pogwiritsa ntchito bandulo yomweyo. Kunena zoona, apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera.

Madzulo, anthu akaweruka, nsanja imodzi imagawira khamu lonse. Lipoti lokanika 7 koloko madzulo kawirikawiri limapita bwinobwino 5 koloko m'mawa.

Komabe mavuto ena si anu. Magetsi akazima, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, omwe nawo amatha mphamvu. Amalawi sanaiwale mdima umene unatsatira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mu Meyi 2024, nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inafooka ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi maiko ena oyandikana nawo. Pa nthawi zotere, kuzimitsa ndi kuyatsa rauta n'kungotaya nthawi.

Starlink inafika ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu 2023, ndipo siidalira nsanja, koma mtengo wake ukuyenera bungwe kapena kopaletivu, osati banja limodzi la kumudzi.

Vuto likapitirira, lembani m'kope tsiku, nthawi ndi malo kwa sabata yathunthu, mupite nalo ku kampani yanu. Ikakhala chete, kadandauleni ku MACRA ngati muli ku Malawi, ZICTA ku Zambia, kapena POTRAZ ku Zimbabwe, kope lija lili m'manja.