MNYAMATA WOBWERERA KUCOKERA KU KATOMBORA NDI WATHU

Abale a ku Petauke ndi ku Nyimba, mnyamata amene khoti lamtumiza ku sukulu yowongolera khalidwe ya Katombora, kufupi ndi Livingstone, amapita mtunda woposa makilomita 800. Makolo ambiri sangathe kukamuona.

Mu 2016 nthambi ya ndende inachedwa Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ndico kuwongola munthu. Koma nchito imeneyi imatsirizidwa kumudzi.

Inu amalume, mlembereni kalata mwana wa mlongo wanu. Akabwerera, mpatseni munda ndi khasu, mumphunzitse kulima nshawa. Inu mafumu a m'midzi ya Kalindawalo ndi Ndake, letsani anthu kumucha mkaidi. Tikamsala, tidzambwezera tokha kundende.