Makiyi a makina a boma amasunga ndani?

Masiku ano ukakhala kumsika sipatha nthawi osamva wina akunena kuti ziphaso zolemba pamanja zithe, khonsolo izitolera ndalama pa makina kuti odyapo asowe podyera. Ine ndikugwirizana nazo. Koma ndisanawombe m'manja ndili ndi funso lomwe sindikumva aliyense akufunsa: kampani ikadzapanga pulogalamu imeneyo, makiyi ake azidzasunga ndani?

Funsoli likuchokera ku nkhani ya mapasipoti. Mu 2019 boma linasainirana mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain kuti ikhazikitse makina opangira mapasipoti amakono, iwayendetse, kenako iwapereke m'manja mwa nthambi ya Immigration. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa mgwirizanowo ponena kuti sunayende bwino. Ambiri tinasangalala, tinati ndalama zapulumuka. Chakumayambiriro kwa 2024 makina aja anangoti zii. Mu Febuluwale Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Ena ankatsutsa, amvekere palibe wakuba apa, nkhani ndi ya malayisensi ndi kusamvana ndi eni pulogalamu. Kwa masabata angapo dziko lonse linakhala losasindikiza pasipoti. Wa geni wopita ku Joni, wophunzira wopeza malo kunja, wodwala wofuna chipatala cha ku India, onse anangokhala kudikira.

Kaya anali akuba kaya malayisensi, kwa ine chomwe chinaoneka poyera n'chimodzi: pa tsiku la vuto, mwini nyumba analephera kutsegula chitseko chake.

Ndikati makiyi ndikutanthauza zinthu zenizeni. Pali source code, malemba omwe pulogalamu inalembedwa nawo. Popanda iwo munthu wina sangaikonze, ngakhale akhale katswiri chotani. Pali password yaikulu yotsegula chilichonse. Pali layisensi, yomwe nthawi zambiri imalipiridwa chaka ndi chaka, m'madola, ndipo tonse tikudziwa mmene dola imasowera kuno. Pali nkhokwe ya maina athu, zithunzi ndi zidindo za zala, komanso kope lake losungidwa kwina kuti makina akafa tisayambirenso pa ziro. Ndiye pali anthu: wogwira ntchito m'boma amene angadzuke 2 koloko usiku n'kudziwa pogwira. Mgwirizano ukhoza kunena kuti "makina ndi a boma", koma ngati izi zatsala kwa kampani, boma langogula mabokosi ndi mawaya basi.

Izi ndinaziona ndi maso, pang'ono chabe. Mnzanga wina yemwe tinkaphunzira limodzi za makompyuta anapangira shopu ina pulogalamu yowerengera katundu. Mwini shopu anazengereza kumaliza malipiro, mnzangayo anasiya kuyankha foni, ndipo tsiku lomwe kompyuta inavuta bwana uja anabwerera ku kope la hadikava. Palibe anaba kanthu. Anangolekana opanda pepala lonena kuti tikasiyana, chakuti chitsala kwa uje. Mu shopu zimathera pa kope. M'boma zimathera pa mizere ya anthu ogona panja pa ofesi.

Tsono wina anena kuti basi, makiyi onse apite kwa ogwira ntchito m'boma. Dikirani kaye. Cashgate ija ya 2013 inachitikira pa IFMIS, pulogalamu yolipirira ndalama za boma yomwe nayonso inagulidwa kunja. Kumeneko vuto linali losiyana: am'kati anali ndi mpata wochuluka. Ankalowetsa malipiro a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, cheke chikatuluka n'kufufuta zomwe analowetsazo. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni inapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo maiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti. Ndiye kusunga makiyi pakokha sikokwanira. Pamafunika kuti wolowetsa malipiro akhale wina, wovomereza wina, ndipo kaundula wa yemwe wagwira chiyani nthawi yanji asafufutidwe ndi aliyense, ngakhale bwana.

Pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri pa Facebook ndi apa: iwo amati yankho ndi kupatsa ntchito Amalawi. Ndimafuna kwambiri achinyamata a ku MUBAS ndi MUST apeze ntchito zotere, ine ndemwe ndili pamzere womwewo. Koma kampani ya ku Area 47 ikhoza kukusungira makiyi chimodzimodzi ya ku Dubai. Makina a mapasipoti atafa, boma linaitana kampani ya konkuno, E-Tech Systems, ndipo kusindikiza kunayambiranso, mtengo wa pasipoti wamba n'kutsika kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Mu 2025 ntchitoyo inapitanso kwa kampani ya ku India, Madras Security Printers. Makampani atatu m'zaka zochepa chabe. Kusintha kulikonse kumatanthauza kusamutsa maina ndi zala za anthu kuchoka m'manja ena kupita m'manja ena, ndipo nthawi yosamuka ndi yomwe mbale zimasweka.

Kugula pulogalamu kunja kwa boma si tchimo. Malipiro a m'boma sangasunge akatswiri okwanira kulemba chilichonse okha, amathawira ku mabanki ndi ku makampani a foni. Chofunika n'chakuti ogula adziwe chomwe akugula. Ma tenda athu amayang'ana kwambiri mtengo wa tsiku logula, ngati tikugula matayala, pomwe ndalama zambiri za pulogalamu zimapita m'zaka zotsatira, ndipo mphamvu zonse zimakhala kwa amene angathe kuizimitsa.

Ndiye nkhani ya makina a kumsika ikafika pa tebulo la khonsolo, akhansala athu asangofunsa kuti ndi zingati. Afunse ngati source code isungidwe pamalo pomwe khonsolo ingaitenge kampani itagwa kapena titayambana nayo. Afunse kuti layisensi ndi ya makwacha kapena madola, ndipo tikachedwa kulipira mwezi umodzi makina azigwirabe ntchito kapena ayi. Afunse kuti ndi ogwira ntchito angati a khonsolo omwe aphunzitsidwe mpaka kutha kuyendetsa okha. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limatipatsa ufulu wopempha kuona mapepala otere. Mgwirizanowo ukadzasainidwa ine ndidzalemba kalata yopempha kope lake, ndipo yankho lomwe ndidzalandire ndidzaliika pano.