Botolo ndi Mtsuko

Chichitikire mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ambiri a ife kuno ku Chitedze taika chikhulupiriro pa madzi a m'botolo. Sitikuwanyoza ayi. Paulendo, kapena podwazika matenda kuchipatala, ngothandiza ndithu, malinga chitsekero chikhale chosatsekulidwapo, ndipo pabotolopo paoneke chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Botolo lotola pamsewu n'kudzazamonso madzi, lingaŵale chotani, siliyeretsa madziwo.

Koma tiyeni tiŵerengere monga m'kalasi. Banja la anthu 6, aliyense akamamwa malita 2 patsiku, lifunika mabotolo 24 a theka la lita tsiku lililonse. Kodi mlimi wa ku Mpingu kapena ku Nsaru, amene feteleza sanagule, ndalama zotere adzazitenga kuti?

Abale ndi alongo, moyo wa banja uli pamtsuko. Madzi a pachitsime tiziwaŵiritsa, kapena kuthiramo klorini monga atilangizira alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30. Mtsuko ukhale wovundikira, ndipo chikho chotungira chisakhale chomwera. Kolera amakonda dzinja; tikonze zimenezi mvula isanagwe.