Mwana wotseka makutu pa msika sanalodzedwe

Amayi ndi abambo a pa Kapata ndi Saturday Market, tikambiraneko.

February ikafika, ambiri mumanyamula katundu kukagulitsa ku Nc'wala ku Mtenguleni. Chigulu cha anthu, ma speaker, nthungululu, fumbi. Kwa inu ni nyengo ya ndalama. Kwa mwana wa autism ni mantha okhaokha. Amatseka makutu, kukuwa, kudzimenya, mwina kuthawa. Si mwano iyai. Phokoso limene inu mupirira, iye limamuwawa, ndipo malo achilendo amamusokoneza.

Lomba onani amake. Usiku sanagone, katundu ni wa nkhongole, kasitomala athawa, ndipo pambali wina anong'ona ati "anamuika mu bizinesi." Mayi akapanikizika, mwana amamva, mantha ake amakula. Mwana akakuwa kwambiri, mtima wa mayi uthamanga. Nkhawa ya wina idyetsa nkhawa ya mnzake.

Bungwe la WHO linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa 100 ali ndi autism. Ndiye kuti pa msika wathu ana otere alipo. Ena atsekeredwa m'nyumba chifukwa makolo atopa ndi pakamwa pa anthu.

Malamulo tili nawo: Persons with Disabilities Act ya 2012, Mental Health Act ya 2019. Sukulu ni yaulere kuyambira 2022. Koma yaulere kwa ndani, ngati mwana sangakhale m'kalasi yodzaza ndi yaphokoso? CDF inakwera kufika K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022. Funsani a MP, a khansala ndi a Ward Development Committee: ni zingati zinapita ku kalasi ya ana otere? Nanga amayi awo ali ndi kokalankhula zakukhosi?

Ifenso tili ndi mbali yathu. Mwana akayamba kukuwa, musamuunjirire, musamumenye. Chepetsani wailesi, mupatseni pamthunzi pachete. Muyang'anireni mnzanu tebulo mphindi zochepa chabe, apumeko. Inu makolo, muuzeni mwana pasadakhale kumene mupita, ndipo ngati kuli womusiyira amene anamuzolowera, ku chigulu asapite. Yambirani ku kiliniki, akutumizeni ku Chipata Central Hospital, ndipo funsani a Social Welfare za kulembetsa ku ZAPD ndi Social Cash Transfer.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tumizani uthengawu mu gulu la WhatsApp la msika wanu, ufike kwa a chairman.