Omaliza masamu ali kuti, ndipo akulandira zingati?

Ana a m'boma la Chifunde mwawauza kwa zaka zambiri kuti alimbikire masamu chifukwa dziko likusowa akatswiri. Ena anakumverani. Anawerengera pa koloboyi, anapita kukakhala kwa achibale ku Tete, makolo awo akugulitsa fodya ndi mbuzi kuti mwana afike payunivesite. Tsono tikufunsa inu a unduna wa maphunziro ku Maputo, inu oyendetsa mayunivesite m'chigawo cha Tete, ndi inu a ofesi ya maphunziro ya boma lino: ana amenewo ali kuti lero? Mwa omwe anamaliza digiri ya masamu zaka zisanu zapitazi, ndi angati ali pantchito? Ndi angati akugwira ntchito imene anaiphunzira? Pakutha pa mwezi amalandira zingati mukawayerekeza ndi anzawo a zamigodi, zamalamulo kapena zowerengera ndalama?

Musanene kuti kufufuza zimenezi n'kovuta. Zinachitikapo m'dziko lomwe lino. Mu 2017 ofufuza a Universidade Eduardo Mondlane, mogwirizana ndi bungwe la UNU-WIDER ndi yunivesite ya Copenhagen, anafunsa ophunzira a chaka chomaliza oposa 2,000 m'mayunivesite a ku Maputo ndi ku Beira, n'kupitiriza kuwatsatira pafoni atatuluka sukulu. Anapeza kuti ambiri ankalandira malipiro otsika kwambiri poyerekeza ndi amene ankayembekezera. Njira ilipo, ndipo foni ali nayo aliyense womaliza sukulu. Koma Maputo ndi Beira si Tete. Universidade Púnguè, imene inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa, imasula aphunzitsi a masamu mumzinda wa Tete. Inu oiyendetsa, mukawaveka mikanjo n'kuwajambula zithunzi, mumawafunsanso kumene apita? Ngati mumawafunsa, mayankho ake mwawasunga m'kabati iti? Mwana wa ku Mualadzi, kuno ku Chifunde, amene akusankha maphunziro chaka chino angawaone bwanji?

Chodabwitsa n'chakuti amene amawerenga aliyense ndi inu nomwe. Kalembera wa 2017 anafika mpaka m'midzi ya ku Nsadzu m'boma lino. Mumadziwa chiwerengero cha ana olembetsa kalasi 1, cha mabuku ogawidwa, cha olemba mayeso. Zikafika pa funso lakuti maphunzirowo akumudyetsa mwini wake kapena ayi, mumakhala chete.

Tikambe za m'kalasi, poti khomo lalikulu la womaliza masamu kuno ndi uphunzitsi. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo mu 2023 kalasi 7 inasamukira kusekondale. Lamulo ndi labwino ndipo talilandira ndi manja awiri. Koma aliyense wodziwa kuphatikiza akuona kuti ana akachuluka kusekondale, aphunzitsi a masamu afunikanso ochuluka. Munalemba angati a boma la Chifunde kuyambira chaka chimenecho? Ndi sukulu zingati kumene masamu akuphunzitsidwa ndi munthu amene anaphunzira phunziro lina, wongopemphedwa kuti atseke mpata? Ndipo zikutheka bwanji kuti mbali ino ana akusowa mphunzitsi, mbali inayo wachinyamata wa digiri ya masamu akugulitsa mayunitsi a foni pamsika akudikira mpikisano wolembera ntchito? Zinthu ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi popanda wina wolakwa pakati.

Yankho lanu timalidziwa: ndalama zolipirira antchito a boma zachuluka, bungwe la IMF likuti muchepetse. Tamva. Koma IMF sinakuletseni kunena chilungamo. Ngati simungathe kulemba aphunzitsi amene mukuwasula, n'chifukwa chiyani simuwauza pa tsiku limene akulembetsa? N'chifukwa chiyani mumalandira fizi yawo kwa zaka zinayi muli duu? Ndipo ngati ndalama zolembera mphunzitsi watsopano palibe, zolipirira maola owonjezera a amene alipo kale zichokera kuti? Aphunzitsi a m'dziko muno, kudzera m'bungwe lawo la ANAPRO, akhala akulira poyera za ndalama za maola owonjezera zimene zimachedwa. Mphunzitsi mmodzi mwamusenzetsa makalasi a anthu awiri, wachiwiriyo mwamusiya pakhomo, ndipo woyambayo mukumulipira mochedwa. Kupulumutsa ndalama kwake ndi kumeneku?

Nanga amene analowa kale ntchito? Mu 2022 munabweretsa ndondomeko imodzi ya malipiro, ija aliyense amangoti TSU, ya magawo 21, n'kulonjeza kuti kukondera kwatha. Mphunzitsi amene anayamba ndi maphunziro ochepa, n'kudzilipirira yekha yunivesite, kuyenda ulendo wautali wa ku Tete patchuthi kapena kuphunzira ali kutali mpaka kupeza digiri, amayembekezera kuti akwezedwe kukhala mphunzitsi wa gulu la N1 ndipo malipiro ake asinthe. M'boma lino ndi angati amene digiri ili m'sutikesi koma akulandirabe za gawo lakale? Adikira zaka zingati? Mukuganiza kuti ana a m'kalasi mwake sakuona? Mwana amawerengera bwino kuposa momwe mumamuganizira. Akaona kuti mphunzitsi wake wa masamu amakongola ufa pagolosale pomwe mnzake amene anasiya sukulu n'kupita kokumba golide wagula njinga yamoto, samu imeneyo amaimaliza yekha osafuna choko.

Kunja kwa kalasi nako kuli mafunso. Chigawo chino chili ndi mgodi wa malasha wa ku Moatize, umene kampani ya Vale inagulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022. Chili ndi magetsi a Cahora Bassa ku Songo, fakitale ya fodya ya Mozambique Leaf Tobacco, mabanki ndi makampani a zamtengatenga. Onsewa amadalira anthu odziwa kuwerengera, kuyerekeza za mtsogolo ndi kusanthula ziwerengero. Wophunzira zamigodi pa Instituto Superior Politécnico de Tete amadziwa chipata chimene akagogode. Nanga wa masamu mwamutsegulira chipata chiti? Munakhalapo pansi ndi makampaniwa kuti mumve luso limene akufuna? Mwa ophunzira anu a masamu, ndi angati anakaphunzirako ntchito kumeneko asanamalize? Amatuluka akudziwa kugwiritsa ntchito kompyuta posanthula ziwerengero, kapena amangodziwa bolodi ndi choko? M'mayiko ambiri womaliza masamu amalimbiranidwa ndi mabanki ndi makampani a inshuwalansi. Ngati kuno sizili choncho, vuto si masamu.

Chimene chikutiwawa kwambiri n'chakuti boma la Chifunde limadya ndi masamu tsiku lililonse. Mlimi wa fodya amatenga feteleza ndi mbewu pangongole, n'kudzaona pogulitsa kuti makilogalamu, giredi ndi zodulidwa zasanduka chiwerengero chimene sangathe kuchitsutsa. Wa soya ndi chimanga amaima patsogolo pa sikelo ya vendayo akungodalira mawu ake. Pa chipata cha Cassacatiza anthu amasintha metikali ndi kwacha ya Zambia, chakum'mawa ndi kwacha ya Malawi, ndipo wosadziwa kuwerengera amadyeredwa masuku pamutu dzuwa likuswa mtengo. Malemu Paulus Gerdes, amene anatsogolerapo Universidade Pedagógica, anatha moyo wake akusonyeza kuti m'kaluidwe ka madengu ndi mphasa za anthu a dziko lino muli masamu enieni. Ana athu sanabadwe oopa manambala. Amasowa wowaphunzitsa, ndipo wowaphunzitsayo amasowa chifukwa chokhalira kuno.

Sitikupempha msonkhano wa kuhotela. Inu a Universidade Púnguè, imbirani foni omaliza masamu a zaka zitatu zapitazi, mulengeze kuti ali pantchito ndi angati ndiponso malipiro awo. Inu a unduna, tiuzeni kuti chaka chamawa mulemba aphunzitsi a masamu angati m'chigawo cha Tete, ndipo a Chifunde ndi angati mwa iwo. Inu a ofesi ya maphunziro ya boma lino, matani pakhoma mndandanda wa sukulu zonse za sekondale, pambali pa iliyonse mulembe chiwerengero cha ana ndi cha aphunzitsi amene anaphunziradi masamu. Pepala limodzi likwana. Ndani mwa inu ayambe kusainira lake?